Sindinkamva kupweteka paliponse

Dzino ndi limene linandipititsa kuchipatala. Likanapanda kundisowetsa tulo masiku atatu otsatizana, sindikanapita. Ndinali ndi zaka 47, ndipo chibadwire mwana wanga womaliza ndinali ndisanakhalepo pampando wa wodwala. Kuchipatalako ndinkafikako ndithu, koma monga woperekeza: lero mwana watentha thupi, mawa apongozi akukatenga mankhwala. Anthu ankati ndine wolimba, inenso ndinkavomera, poti ndinkadzuka m'mamawa, kugwira ntchito tsiku lonse, kugona usiku, popanda podandaula.

Asanandibaye jakisoni wa dzanzi, namwino anandimanga pamkono lamba wa makina oyezera BP, kuthamanga kwa magazi. Lamba anafinya, kenako anaphwa. Namwinoyo anayang'ana manambala, nandiyang'ana ine, n'kunena kuti ndipume kaye tiyezenso. Kachiwiri panatuluka 184/112.

"Mayi, mankhwala anu a BP mwamwa lero?"

"Ine sindidwala BP."

"Munayezetsa liti komaliza?"

Ndinawerengetsera m'mutu. Panali patapita zaka 14, ndipo apo n'kuti ndili woyembekezera.

Dzino sanazule tsiku limenelo. Anandipatsa mankhwala, komanso kapepala koti ndipite nako kwa dokotala woona za BP. Nditabwerera patatha sabata, manambala anali atatsika kufika pa 162/100, dzino linazulidwa, ndipo ine kutsikako ndinakutenga ngati umboni woti vuto lonse linali dzino ndi mantha. N'zoona kuti ululu ndi mantha zimakweza BP kwa kanthawi. Chimene sindinafune kuchiona n'chakuti 162/100 nayonso ndi yokwera kwambiri. Kapepala kaja ndinakapinda n'kukaika m'kathumba kam'kati mwa chikwama, ndipo kanakhala mmenemo miyezi isanu. Kukataya sindinakataye, kukaiwala sindinakaiwale. Ndinkakakhudza nthawi zonse pofufuza makiyi, n'kunena mumtima kuti mwezi wamawa. Pakadafunda padajiwitsa galu, ndipo pamene ndinali inepo panali pofunda ndithu, chifukwa sindinkamva kupweteka paliponse.

M'mwezi wachisanuwo mkulu wanga anadwala sitiroko. Anali ndi zaka 55. Mwana wawo wamkazi amasimba kuti m'mawa umenewo kapu inangopulumuka m'dzanja lawo lamanja. Atati alankhule, mawu ankatuluka ophotchoka, ndipo pakamwa panali patapotokera mbali imodzi. Anawagoneka, anawasisita mkono, anadikira kuti mwina zipita. Kuchipatala anakafika dzuwa litapendeka. Dokotala funso lake loyamba linali lakuti zinayamba nthawi yanji, ndipo chifukwa chake ndinachimvetsa pambuyo pake. Sitiroko zambiri zimabwera magazi akaundana n'kutseka mtsempha wa mu ubongo, ndipo kumene kuli zipangizo, mankhwala osungunula magaziwo amaperekedwa pasanathe maola anayi ndi theka chiyambire vutolo. Ngakhale kumene mankhwalawo kulibe, wodwala wofika msanga amasamalidwa bwino kuposa wofika mochedwa. Ndiye ngakhale mutaiwala zina zonse zimene ndalemba pano, izi zokha musunge: pakamwa pakapotoka, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi ukafooka mwadzidzidzi, mawu akasokonekera, musasisite, musamwetse kanthu, musadikire. Yang'anani nthawi, nyamukani. Zizindikirozo zikatha zokha patapita mphindi zingapo, pitanibe tsiku lomwelo, chifukwa nthawi zambiri limakhala chenjezo la sitiroko yaikulu.

Mkulu wanga anapulumuka, koma dzanja lamanja silinabwerere mwakale, ndipo mwendo amachita kukoka. Tili m'chipatala momwemo ndinamva kwa alamu anga kuti zaka 6 m'mbuyomo anawapeza ndi BP, anamwa mankhwala chaka chimodzi, n'kusiya poti ankapeza bwino. Ife abale awo sitinauzidwe. Dokotala atafunsa ngati kwathu alipo ena a vutoli, ndinayamba kuyankha kuti ayi, kenako mawu anandithera m'kamwa. Bambo athu anangogwa ali ndi zaka 61, ife n'kumati imfa yadzidzidzi. Mayi athu m'zaka zawo zomaliza miyendo inkatupa, akagona chagada mpweya unkawathera. Ndipo chikwama chokhala ndi kapepala kaja chinali pamiyendo panga.

Ndinapita Lolemba lotsatira.

Ndinachita mwayi kupeza dokotala woleza mtima, mayi wa msinkhu wanga, amene anatenga pepala n'kundijambulira. Nambala yam'mwamba, anatero, ndi mphamvu imene magazi amakankhira makoma a mitsempha mtima ukafinya, ndipo yam'munsi ndi mphamvu yotsala mtima ukapumira pakati pa kugunda kuwiri. Munthu wamkulu wabwinobwino amakhala cha m'ma 120/80. Ikafika 140/90 kapena kupitirira, atayeza masiku awiri osiyana, amenewo ndi matenda a BP. Yanga tsiku limenelo inali 166/102, popanda dzino loti ndilinamizire.

Ndinawauza zimene ndinkakhulupirira chikulireni, zoti BP imamveka: mutu kuwawa kunkhongo, chizungulire, mtima kudumpha. Anapukusa mutu. Anthu ambiri a BP samva kalikonse kwa zaka, uku mitsempha ikuuma, mtima ukukhuthala chifukwa chokankha movutikira, timitsempha ta mu impso ndi ta m'maso tikuwonongeka mwakachetechete. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati akuluakulu oposa 1 biliyoni ali ndi vutoli, ndipo pafupifupi theka la iwo sadziwa. Ndikaganiza tsopano ndimaona kuti dzina lathu lija lakuti kuthamanga kwa magazi linandisocheretsa nalonso. Ndinkadikira tsiku limene ndidzamve chinachake chikuthamanga m'thupi.

Anandiuza kuti ndibwerenso m'mawa ndisanaike kanthu m'kamwa kupatula madzi, patapita maola osachepera 8 chidyereni. Shuga anatuluka 6.4. Nambala imeneyi inali m'malire: munthu asanadye, 7.0 kapena kupitirira ndi matenda a shuga akatsimikizira poyezanso, ndipo kuyambira 6.1 mpaka 6.9 ndi chizindikiro choti thupi layamba kulephera. Makina ena amawerenga mwa mtundu wina, moti 7.0 yomweyo amailemba kuti 126, choncho mukapatsidwa nambala muzifunsa kuti ndi ya muyeso uti. Anayezanso mafuta a m'magazi, aja amati kolesterolo, ndipo anali okwererako pang'ono. Impso anaziyeza pawiri, m'magazi ndi mumkodzo, poti impso zikayamba kuwonongeka zimataya mapuloteni mumkodzo munthu asanamve kanthu. Zinali bwino, ndipo ndinapumira m'mwamba. Anandimata timawaya pachifuwa kuti aone kagundidwe ka mtima. Pomaliza anatenga tepi ngati ya telala n'kundizunguliza pamimba, pamwamba pang'ono pa mchombo: masentimita 94. Ine kutalika ndine 160. Lamulo lake ndi losavuta kukumbukira, lakuti kuzungulira kwa pamimba kusafike theka la msinkhu wako. Kwa ine theka linali 80. Mafuta a pamimba ndi amene amayenda limodzi ndi shuga ndi BP, kuposa a m'ntchafu kapena m'mikono.

Anandilembera amlodipine, piritsi limodzi tsiku lililonse. Ndinafunsa kuti mpaka liti. Anandiyankha mosabisa kuti anthu ambiri amamwa moyo wawo wonse, chifukwa mankhwalawa amaigwira BP kuti isakwere, koma saichotsa.

Apa ndi pamene pali nkhani imene ndimavutika kuifotokoza, koma ndi imene yandichititsa kulemba. Patatha miyezi inayi manambala anga anafika pa 128/82, ndipo ndinasiya kumwa mankhwala. Ine yemweyo amene ndinkasambitsa mkulu wanga Loweruka lililonse, amene ndinkadziwa bwinobwino chimene chinawagwetsa. Sindinakhale pansi n'kuganiza kuti lero ndasiya. Tsiku lina ndinaiwala, sindinamve kusintha. Mawa lake ndinaliona botolo n'kulidutsa. Mumtima ndinkati mchere ndachepetsa, ndikuyenda, mwina thupi lachira lokha. Koma pansi pa zonsezo panali china. Piritsi lam'mawa lija linkandiuza tsiku ndi tsiku kuti sindilinso munthu wolimba uja, kuti ndalowa m'gulu la odwala, kuti ukalamba wafika pakhomo. Kulisiya kunali ngati kubweza zaka. Ndinkawaweruza mkulu wanga mumtima kuti anachita zosasamala, koma m'masabata amenewo ndinawamvetsa, ndipo ndinasiya kuwaweruza.

Chinandibweza ndi kabuku. Dokotala anali atandilangiza kupeza makina oyezera kunyumba, a lamba wa pamkono, osati a pamfundo ya dzanja, n'kumalemba manambala ndi tsiku lake. Masabata amene ndinasiya mankhwala ndinasiyanso kuyeza, ndipo chifukwa chake n'chodziwikiratu. Usiku wina mwana wanga womaliza anafunsa kuti bwanji kabuku sikakulembedwa. Ndinakhala pansi, ndinayeza: 158/98. Ndinayezanso m'mawa: 154/96. M'thupi ndinkamva chimodzimodzi ndi mmene ndinkamvera pa 128/82. Palibe chimene chinandiphunzitsa ngati 128/82 ndi 158/98 atayandikana patsamba limodzi, m'malemba a dzanja langa. Ndinabwerera kwa dokotala n'kuulula. Sanandikalipire. Anangoti ndachita bwino kunena, chifukwa ndikanabisa akanaganiza kuti mankhwala achepa mphamvu n'kundiwonjezera ena pachabe.

Kuyeza kunyumba kuli ndi kachitidwe kake, ndipo poyamba ndinkalakwitsa. Umayamba wataya madzi. Kwa mphindi 30 usanayeze, osasuta, osamwa khofi, osachita zolimbitsa thupi. Umakhala pampando wotsamira, mapazi onse pansi, miyendo osapingasa, mkono utausanjika patebulo molingana ndi mtima, n'kukhala chete mphindi 5. Poyeza osalankhula. Umayeza kawiri, kusiyanitsa mphindi imodzi, n'kulemba zonse. Lamba akhale wokwana mkono wako, poti wothina amakweza manambala monama. Kunyumba malire ake amatsikirako, ndi 135/85, chifukwa munthu amakhala womasuka kuposa pamaso pa dokotala. Ikafika 180/120 pamodzi ndi kupweteka pachifuwa, kubanika, kusaona bwino kapena kufooka kwa ziwalo, imeneyo si nkhani yolemba m'kabuku, ndi yothamangira kuchipatala.

Pambuyo pake atandikwezera mlingo wa mankhwala, akakolo anayamba kutupa madzulo. Ulendo uno sindinasiye ndekha. Ndinakanena, anandibwezera mlingo wakale n'kuwonjezera mtundu wina, kutupa kunatha. Mankhwala a BP alipo a mitundu ingapo, ena amatupitsa mapazi, ena amabweretsa chifuwa chouma, ndipo pafupifupi nthawi zonse pamapezeka wosinthira. Tsiku lomwelo ndinaphunziranso kuti mapiritsi amene ndinkagula ndekha maondo akamawawa, ibuprofen ndi diclofenac, amakweza BP ndipo amapweteka impso munthu akamamwa pafupipafupi. Zaka zonsezo ndinkawayesa opanda vuto chifukwa amagulidwa popanda kalata ya dokotala. Tsopano chilichonse chimene ndikumwa, ngakhale chazitsamba chimene mnzanga wandipatsa ndi mtima wabwino, ndimachitchula kwa dokotala.

Za kadyedwe sindichulutsa, zimanenedwa kwambiri. Chimene chinandidabwitsa ndi mchere. WHO imati munthu wamkulu asafike magalamu 5 pa tsiku, kutanthauza kasupuni kamodzi kakang'ono kosadzaza, kuwerengera zakudya zonse za tsikulo, ndipo wambiri umabisala m'zakudya zogula zokonzakonza ndi m'zokometsera za m'mapaketi. Masabata atatu oyamba chakudya chinkandizizira. Kenako lilime linazolowera, moti lero ndikadya kwina ndimamva mchere wokhawokha. Zakumwa zotsekemera ndinasiya. Ndinayamba kuyenda mphindi 30, masiku asanu pa sabata, mwandawala, mofika poti kulankhula ndikutha koma kuimba ayi. Zimenezi zimakwanitsa mphindi 150 zimene amalangiza. Amalangizanso zolimbitsa minofu masiku awiri pa sabata, chifukwa minofu imayamba kuchepa pa msinkhu uno, ndipo apa ndimalepherabe kawirikawiri. Chinandilimbitsa mtima ndi kafukufuku wamkulu wa ku United States amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002: anthu a shuga wam'malire ngati ine, amene anathandizidwa kuchepetsa thupi pang'ono ndi kulimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata, mpata wawo wodwala shuga unatsika ndi 58 pa 100 iliyonse. Patatha chaka ndinali nditatsika makilogalamu 6, pamimba 86, shuga 5.7. Pa 80 sindinafikebe.

Dokotala yemweyo ndi amene anandifunsa, akulemba osandiyang'ana, kuti khomo la chiberekero ndinayezetsa liti. Ndinali ndisanayezetsepo. Chinkandiletsa ndi manyazi, komanso maganizo oti poti ndasiya kubereka, za kumeneko zatha. Anandifotokozera kuti khansa ya khomo la chiberekero imayamba ndi kachilombo ka HPV, kamene anthu ambiri amakatenga nthawi ina pa moyo wawo ndipo mwa ambiri kamatha kokha. Kakakhalitsa, kamasintha khungu la pakhomopo pang'onopang'ono, ndipo pamatha zaka 15 mpaka 20 kuti pafike pa khansa. Zaka zonsezo ndi mpata woti apeze n'kuchotsa. WHO imalangiza kuyamba kuyezetsa pa zaka 30, ndipo kwa amayi amene ali ndi HIV pa zaka 25, chifukwa iwo mpata wodwala khansayi ndi wochuluka kasanu ndi kamodzi. Njira zilipo zingapo. Kuyeza kachilomboko, kumene kwina mayi amatha kudzitenga yekha ndi kathonje, amabwereza pakatha zaka 5 mpaka 10. Kupaka viniga n'kuyang'ana, kapena kupala pang'ono n'kukaunika ku labotale, amabwereza pakatha zaka zitatu.

Ndekha ndinkaopa, ndiye ndinakakamiza mnzanga wa kuntchito kuti tipitire limodzi. Sizinathe mphindi 10. Kusowa mtendere kulipo, koma kupweteka kwenikweni ayi. Ine sanandipeze ndi kanthu. Mnzanga uja, amene anangobwera kudzandilimbitsa mtima, anamupeza ndi kachigamba koyera, kosafika pa khansa. Anakawotcha ndi kachipangizo kotentha tsiku lomwelo, anamuuza zoyenera kupewa kwa mwezi umodzi, ndipo atabwerera patatha chaka panalibenso kanthu. Mpaka lero tikakumbutsana timangogwirana manja.

Mawere ndinaphunzira kuwadziwa mmene alili, kuti ndizindikire pakasintha: chotupa m'bere kapena m'khwapa, nsonga kulowa mkati, magazi kutuluka, khungu kuchita timaenje ngati khoko la lalanje. Zotupa zambiri si khansa, koma wonena zimenezo akhale dokotala. Kumene kuli makina ojambulira mawere, amayi a zaka 50 mpaka 69 amalangizidwa kujambulitsa zaka ziwiri zilizonse, ndipo amene mayi awo kapena mchemwali wawo anadwalapo ayambe kufunsa msanga. Pali chinanso chimene amayi a msinkhu wanga sitiuzana mokwanira. Kusamba kumasiya nthawi zambiri pakati pa zaka 45 ndi 55, ndipo kusanasiye kumasokonekera, thupi kutentha usiku, tulo kuvuta. Koma mayi akatha miyezi 12 osasamba, kenako n'kuona magazi, ngakhale kadontho, asati msambo wabwerera. Akaonetse.

Amuna anga nkhani yawo inali yovuta kuposa yanga. Anali ndi zaka 52, ndipo usiku ankadzuka katatu kapena kanayi kukataya madzi.

"Bambo, usiku uno kanayi."

"Ndinamwa madzi ambiri, mayi."

"Nanga ludzu limeneli likuchokera kuti?"

Anakhala chete, kenako ananena zimene ndamva kwa abambo ambiri: "Kuchipatala munthu umapita wabwinobwino, umabwerako ndi matenda." Ndinawayankha kuti matendawo munthu amapita nawo yekha, kumeneko amangomuuza dzina lake. Sizinawasunthe. Patapita nthawi ndi pamene anandiululira kuti ankaganiza kuti ndi prostate, chiwalo cha abambo chimene chili pansi pa chikhodzodzo, ndipo ankaopa ziwiri: kuyezedwa ndi chala, ndi kumva mawu oti khansa. Chinawapititsa ndi foni. Zilembo zinayamba kuchita chimbuuzi, anapita kukafuna magalasi, ndipo woyeza maso atamva za ludzu ndi kukodza anawauza kuti ayambe ayezetsa shuga, chifukwa shuga akakwera amasokoneza kaonedwe ndipo magalasi odula nthawi imeneyo sakhalitsa. Anawayeza magazi otchedwa HbA1c, amene amaonetsa mmene shuga wakhalira miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Malire a matenda ndi 6.5. Awo anali 8.3.

Anayamba kumwa mankhwala a shuga otchedwa metformin, anayamba kuyenda nane, ndipo kudzuka usiku kunatsika kufika kamodzi. Tsopano kamodzi pa chaka amakaunikitsa mkati mwa maso ndi impso, ndipo mapazi amayang'ana madzulo alionse, chifukwa shuga amapha mitsempha ya kumapazi moti munthu amatha kuponda chomubaya osamva. Za prostate anakambirana ndi dokotala ali phee. Anamva kuti chiwalochi chimakula mwa abambo ambiri akamakalamba popanda khansa, kuti pali kuyeza kwa magazi kotchedwa PSA, ndiponso kuti PSA ikakwera sizitanthauza khansa nthawi zonse, n'chifukwa chake munthu amayenera kumva ubwino ndi kuipa kwake asanasankhe. Abambo akuda, ndi amene bambo awo kapena mchimwene wawo anadwalapo, amalangizidwa kuyamba kukambirana zimenezi cha pa zaka 45. Anasankha kuyezetsa, ndipo zinatuluka bwino. Chimene ankachiopa zaka ziwiri sichinalipo, chimene chinkawadya chinali china.

Zina tinachita limodzi mosavuta. HIV tinayezetsanso, poti zaka sizitchinga kachilombo. Matenda a chiwindi a hepatitis B tinayezetsa kamodzi. Maso anatiyeza mphamvu ya madzi a mkati, chifukwa matenda a glaucoma amadya kuona kuyambira m'mbali munthu osazindikira, ndipo kumene kwatayika sikubwerera. Khansa ya m'matumbo mayiko ena amayamba kuyeza pa zaka 45, ena pa 50, ndipo njira yosavuta ndi kupereka chimbudzi pang'ono kuti afufuze magazi osaoneka ndi maso. Magazi ooneka m'chimbudzi musangoti ndi matenda a mudzi, makamaka pa msinkhu uno.

Ndisanamizire kuti kuyezetsa kulikonse n'kwabwino. Mantha atandigwira m'miyezi yoyamba ija, ndinalowa m'chipinda china mmene munthu wovala gawuni yoyera anandigwiritsa kachitsulo m'manja, kompyuta n'kutulutsa masamba ambirimbiri onena za chiwindi changa, mafupa, ubongo, zonse m'mphindi ziwiri, popanda kutenga dontho la magazi. Atatha kundiopseza anandandalika mabotolo patebulo. Ndinapita nawo mapepalawo kwa dokotala wanga, ndipo anandifunsa funso limodzi: woyezayo ndi yemwenso akugulitsa mankhwala a zimene wapezazo? Palibe kachitsulo ka m'manja kamene kangaone impso. Zimandipweteka kuti anthu amene asonkhanitsa kulimba mtima kuti ayezetse amathera m'zipinda zotere, n'kutulukamo atasiya mankhwala awo enieni. Ngakhale m'zipatala zenizeni, kujambula thupi lonse popanda chifukwa kumatha kupeza timadontho topanda vuto, n'kumuika munthu pa nkhawa ndi pa kuyezedwa kosatha. Zoyezetsa zimene zandithandiza ine ndi zochepa, zodziwika, ndipo zambiri n'zosavuta: lamba pamkono, dontho la magazi, mkodzo m'kabotolo, tepi pamimba.

Komanso zotsatira zabwino za chaka chatha si chilolezo chonyalanyaza chachilendo chaka chino. Kuwonda popanda chifukwa, chifuwa chopitirira masabata awiri, chotupa, bala losapola, kubanika pokwera pamene kale sunkabanika, zimenezi sizidikira tsiku lolembedwa pakhadi.

Safunsa anadya phula. Nthawi ina wondiyeza anangoti "ili bwinobwino, mayi," n'kuyamba kuitana wotsatira. Kale ndikanathokoza n'kutuluka. Ndinapempha mwaulemu kuti andiuze nambala, ndipo inali 146/92, imene kwa munthu womwa kale mankhwala si yabwinobwino. Sindimuimba mlandu, mzere unali wautali ndipo anali atatopa. Koma kuyambira pamenepo sindituluka m'chipinda ndisanadziwe zitatu: nambala yanga ndi chiyani, imayenera kukhala pati, ndibwerenso liti. Ndimalemba pomwepo. Kumapeto kwa kabuku ndinalembako matenda a makolo athu ndi zaka zimene anamwalira, zimene ndinachita kufunsa kwa azakhali athu asanatisiye, kuti ana anga akadzafunsidwa asadzayankhe kuti ayi ngati mmene ndinayambira ine.

Panopa ndili ndi zaka 49. Lamlungu lililonse masana ndimapita kwa mkulu wanga nditanyamula makina. Iwonso ali ndi kabuku kawo, ndipo manambala amalemba okha ndi dzanja lamanzere, pang'onopang'ono, lilime lili pakona pa mlomo. Mawu anabwerera, ngakhale ena amawasaka nthawi yaitali. Mwezi watha, nditamasula lamba pamkono pawo, anakodola mwana wawo wamkazi, yemwe uja anaona kapu ikugwa. Ali ndi zaka 32 ndi ana awiri.

"Khala apa," anatero.

"Amayi, ine ndili bwino."

Mkulu wanga anandiyang'ana, inenso ndinawayang'ana. Mwanayo anaseka pang'ono, anakhala, anapinda mkono wa bulauzi. Tinadikira mphindi 5 tonse tili chete. Panatuluka 138/88. Mayi ake anatsegula tsamba latsopano, analemba dzina lake pamwamba, tsiku, ndi nambalayo. Ndinamuuza kuti kuyeza kumodzi sikugamula kanthu, tiyezanso Lamlungu likubwerali, ndipo ikakhalabe pamenepo ndimuperekeza kuchipatala ndekha.